Mtsikana wa zaka 12 amene anamwa mankhwala a TB miyezi 6 pomwe ankadwala khansa ya chithokomiro

Lipoti ili ndi la mtsikana wa zaka 12, wa sitandade 6, amene anatumizidwa ku chipatala chachikulu chifukwa cha anabele a m'khosi amene sankaphwa. Mayina a anthu ndi a zipatala asiyidwa dala. Lalembedwa makamaka poganizira anzathu a m'zipatala zing'onozing'ono ndi za m'maboma, poti ndi kumene mwana wotere amayamba kuonedwa, ndiponso ndi kumene miyezi yambiri imatayikira.

Mmene zinayambira

Mayi ake ndi amene anayamba kuona chotupacho akumumeta tsitsi. Chinali kumanzere kwa khosi chakumbali, kukula kwake ngati nzama, chosapweteka. Ku chipatala chaching'ono anamupatsa amoxicillin wa masiku 5, patapita mwezi anamupatsanso yemweyo. Palibe chinasintha. Pofika mwezi wachitatu panali patatuluka anabele ena awiri m'munsi mwa woyamba uja, ndipo anamutumiza ku chipatala cha boma.

Kumeneko kunapezeka kuti malume ake, amene ankagona nawo nyumba imodzi, anali atamaliza mankhwala a TB chaka chapitacho. Mwanayo analibe HIV. Makhololo sanatuluke chifukwa sankatsokomola n'komwe. X-ray ya pachifuwa inaonetsa timadontho tambirimbiri m'mapapo onse awiri, ngati mawere omwazika pa mphasa. Anaganiza kuti ndi TB ya miliary, imene imamwazika m'thupi kudzera m'magazi, yokhala ndi anabele a m'khosi, ndipo anamuyambitsa mankhwala anayi a miyezi iwiri, kenako awiri a miyezi inayi.

Kuganizira TB sikunali kulakwa. Kwathu kuno mwana wa anabele osaphwa, wokhala ndi munthu wa TB pakhomo, X-ray yake ili choncho, aliyense wa ife akanayambira pomwepo. Koma buku lake la kuchipatala likuonetsa zinthu zina zimene zikanayenera kuimitsa cholembera. Thupi silinkatentha. Sankatuluka thukuta usiku. Sikelo inali 35 kg ndipo inkakwera pang'onopang'ono. Ankadya bwino, kusukulu ankapita wapansi tsiku lililonse. Mwana wa TB ya miliary sakhala wotero: amakhala wofooka, wowonda, wotentha thupi, nthawi zambiri wopumira m'mwamba. Chithunzi chinkanena za mwana wodwala kwambiri, pomwe pa benchi panakhala mwana wathanzi. Kusagwirizana kumeneku ndiko kunali chizindikiro chachikulu kuposa zonse.

Zinthu ziwiri sizinachitike. Palibe anabaya mwanabele ndi singano kuti madzi ake akayezedwe pa GeneXpert, makina ofufuzira TB, ndi kuonedwa pa maikulosikopu, ntchito ya mphindi zochepa. Ndipo m'masamba onse a bukulo mulibe mzere ndi umodzi womwe wonena za chithokomiro, kaya kuti chapapasidwa n'kupezeka chili bwino. Mwezi wachiwiri wa mankhwala anabele anali atakula, ndipo analemba kuti ndi kutupa kumene kumabwera mankhwala a TB akayamba kugwira ntchito. Kutupa kotero kulipodi, koma anabele ake kawirikawiri amafewa, amafiira, ena amaphulika n'kutulutsa mafinya. Awa ankangolimbira-limbira. Mankhwala atatha, X-ray yachiwiri inali chimodzimodzi ndi yoyamba. Apo m'pamene anamutumiza, patapita miyezi pafupifupi 10 chionereni mayi ake chotupa chija.

Zimene tinapeza

Titaima kumbuyo kwake n'kumupatsa madzi kuti ameze, pansi pa zala panadutsa chotupa cholimba cha pafupifupi 2.5 cm kumanzere kwa chithokomiro, chokwera ndi kutsika pomeza. Ndi maso chabe sichinkaoneka bwino pokhapokha atapendeketsa mutu chagada. Kumanzere kwa khosi kunali anabele asanu olimba, wamkulu wa 3 cm, osapweteka. Mawu anali bwinobwino, ndipo kumeza ndi kupuma sikunkavuta.

Mayi ake anati iwo anali ataona kale kuti pakhosi pa mwanayo padzadza, koma sanadandaule nazo chifukwa agogo ake aakazi anakhala ndi chithokomiro chotupa moyo wawo wonse osawavuta. Maganizo amenewa ngofala, ngakhale pakati pa ife ogwira ntchito zachipatala. Chithokomiro chotupa chifukwa chosowa ayodini chimakula chonse pamodzi ndipo chimakhala chofewa. Chotupa chimodzi cholimba mwa mwana ndi nkhani ina. Zotupa za m'chithokomiro sizipezekapezeka mwa ana, koma zikapezeka, pafupifupi chimodzi mwa zinayi zimakhala khansa. Malangizo a American Thyroid Association a ana, a chaka cha 2015, amatchula 22 mpaka 26 pa 100 zilizonse, pomwe mwa akuluakulu chiwerengerocho n'chotsika kwambiri.

Tinafunsa ngati anawotchedwapo ndi radiotherapy kumutu, kukhosi kapena pachifuwa. Funsoli n'losadumphika, chifukwa chithokomiro cha mwana wamng'ono chimavulala msanga ndi cheza chotere. Umboni wake ndi kuchuluka kwa khansa imeneyi mwa ana a ku Belarus, Ukraine ndi Russia pambuyo pa ngozi ya ku Chernobyl mu 1986. Iye sanawotchedwepo. Tinafunsanso za khansa ya chithokomiro pa mtundu wawo, tizotupa ta m'matumbo mwa achibale achinyamata, zotupa za impso kapena za mapapo mwa makanda, ndipo tinayeza kukula kwa mutu wake, pofufuza matenda a ku mtundu okhudza majini a APC, DICER1 ndi PTEN. Palibe chinapezeka.

TSH, homoni imene imalamula chithokomiro kuti chigwire ntchito, inali 2.3 mIU/L, ndipo free T4, homoni yopangidwa ndi chithokomirocho, inali m'malire mwake. TSH yabwino sikutanthauza kuti kulibe khansa. Ana ambiri a khansa imeneyi TSH yawo imakhala yabwinobwino. Phindu loiyeza n'lakuti ikakhala yotsika kwambiri, chotupacho chingakhale chopanga mahomoni chokha, ndipo njira yofufuzira imasintha.

Pa ultrasound tinapempha kuti ajambule khosi lonse, mbali zonse ziwiri, osati chithokomiro chokha. Fomu ikangolembedwa kuti chithokomiro, wojambula amaimira pomwepo, anabele n'kutsala osaonedwa. Kumanzere kunali chotupa cha 2.8 cm, chopanda madzi mkati, chakuda kuposa mnofu wozungulira, m'mphepete mwake mosasalala, chokhala ndi timadontho towala ta kashiamu. Timadontho tomweto tinaonekanso tomwazika kumanja. Anabele a kumanzere, a m'magawo a khosi otchedwa III ndi IV, anali obulungira, opanda mzere woyera wa pakati, awiri ali ndi timatumba ta madzi ndi timadontho ta kashiamu. Kumbali ya kumanja kwa khosi anabele anali abwino.

Tinabaya ndi singano yopyapyala tikuyang'ana pa ultrasound, pa chotupa chenichenicho ndi pa mwanabele wamkulu. Mwa mwana singano isabayidwe mwachimbulimbuli, chifukwa zotsatira zikapanda kukwanira, kumubwezeranso pa bedi lomwelo n'kovuta. Zotsatira za malo onse awiri zinali Bethesda VI, kutanthauza kuti ndi khansa, ya papillary, mtundu umene umapezeka mwa ana pafupifupi 9 mwa 10 alionse odwala khansa ya chithokomiro. GeneXpert ya madzi a mwanabele sinapeze TB.

Apa m'pamene X-ray ija inamveka. Khansa ya papillary mwa ana imakonda kupita m'mapapo, makamaka anabele a m'mbali mwa khosi akagwidwa ambiri, ndipo imamwazika timadontho ting'onoting'ono tofanana kwambiri ndi TB ya miliary, mwana ali wosadwala. CT inaonetsa timadontho ta 2 mpaka 4 mm m'mapapo onse, tochuluka chakumunsi. Panali kukambirana ngati tigwiritse ntchito contrast, mankhwala othandiza kuti chithunzi chioneke bwino, pojambula khosi, poti ili ndi ayodini wambiri amene amatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti achoke m'thupi, ndipo amachedwetsa chithandizo cha ayodini wa radioactive, amene amapha maselo a chithokomiro ndi a khansa yake. Tinaigwiritsa ntchito. Dokotala wa opaleshoni ankafunika kuona bwino pamene anabele athera kuseri kwa fupa la pamwamba pa chifuwa, ndipo tinkadziwa kale kuti ayodini wa radioactive sapezeka miyezi itatu isanathe.

Opaleshoni

Tinagwirizana kuchotsa chithokomiro chonse, anabele a pakati pa khosi a gawo VI mbali zonse ziwiri, ndi anabele a kumanzere kuyambira gawo II mpaka V. Kuchotsa theka la chithokomiro sikunali kotheka: mbali ya kumanja inali yokayikitsa, ndipo ayodini wa radioactive sangafike m'mapapo mokwanira ngati mnofu wa chithokomiro watsala wambiri, chifukwa umamumwa wonse. Kutola anabele okhawo amene akumveka ndi zala n'kusiya gawo lonselo ndiko kumabweza ana ambiri ku opaleshoni yachiwiri, ndipo khosi lokhala ndi zipsera n'loopsa kulitsegulanso. Anabele a kumbali ya kumanja kwa khosi sitinawakhudze, poti kunalibe umboni wa khansa.

Opaleshoni inadikira masabata atatu kuti aichite dokotala amene amachita maopaleshoni a chithokomiro kawirikawiri. Banja linada nkhawa ndi kudikirako, koma khansa ya papillary imayenda pang'onopang'ono, ndipo masabata atatu sasintha kanthu, pomwe mtsempha wa mawu ukadulidwa kapena tiziwalo tinayi ta parathyroid, timene timasunga mlingo wa kashiamu m'magazi, tikawonongeka tonse, mwana wa zaka 12 akhala nazo zaka makumi ambiri. Tisanalowe, tinayang'ana m'kholingo ndi kagalasi n'kuona kuti mbali zonse ziwiri zikuyenda.

Mkati, chotupacho chinali chitalowerera m'minofu ya kutsogolo kwa khosi kumanzere, ndipo kachigawo ka mnofuwo kanachotsedwa limodzi nacho. Mtsempha wa mawu wa kumanzere unali womatirira ku anabele koma unasendeka wosadulidwa. Tiziwalo tiwiri ta parathyroid ta pamwamba tinasiyidwa ndi mitsempha yake ya magazi. Kam'munsi ka kumanzere kanada chifukwa chosowa magazi, ndipo kanadulidwa tizidutswa n'kubzalidwa mu mnofu wa sternocleidomastoid wa kumanja. Kachinayi sikanaoneke. Asanatseke, wogonetsa anakweza mphamvu ya mpweya m'mapapo kwa kanthawi kuti aone ngati thoracic duct, njira yaikulu ya madzi a m'anabele, ikudontha m'munsi mwa khosi kumanzere. Sinkadontha.

Usiku wachiwiri

Vuto linabwera pa kashiamu, ndipo likanapeweka. Patapita maola 6, kashiamu anali 2.15 mmol/L. M'mawa mwake anali 1.92, ndipo mwanayo anauza namwino kuti milomo ikuchita dzanzi. Anamuyambitsa mapiritsi a calcium carbonate, koma calcitriol, vitamini D wothandiza thupi kuyamwa kashiamu, munalibe mu wodi, ndipo nkhaniyo inasiyidwa kuti ionedwe mawa lake. Cha m'ma 2 koloko usiku mayi ake anadzutsa namwino: zala za mwanayo zinali zitapindika n'kukakamira, chala chachikulu chitalowa m'chikhatho, akulephera kuzitambasula. Kashiamu anali 1.72.

Anapatsidwa calcium gluconate wa 10%, 0.5 mL pa kilogalamu, ndiye kuti 18 mL, wosungunulidwa, kudzera mu mtsempha waukulu kwa mphindi 10, kugunda kwa mtima kukuyang'aniridwa. Mankhwalawa akathamangitsidwa amachedwetsa mtima, ndipo akatayikira kunja kwa mtsempha amawotcha khungu. Zala zinamasuka. Anapitiriza ndi diripi ya kashiamu, mapiritsi a 500 mg kanayi pa tsiku, ndi calcitriol 0.25 mcg kawiri pa tsiku. Magnesium anayezedwa n'kupezeka wabwino. Akakhala wotsika kashiamu sakwera ngakhale muthire wochuluka bwanji. Diripi inachoka tsiku lachisanu.

Kashiamu amatsikitsitsa pakati pa maola 24 ndi 72 opaleshoni itachitika, ndipo calcitriol amatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti ayambe kuoneka m'magazi. Mwana amene wachotsedwa chithokomiro chonse pamodzi ndi gawo VI mbali zonse, kachiwalo kamodzi kabzalidwa ndipo kena sikanaoneke, anayenera kuyamba kashiamu ndi calcitriol madzulo omwewo. Kumene PTH, homoni ya tiziwalo ta parathyroid, imayezeka, kuiyeza maola ochepa opaleshoni itatha kumaonetseratu amene ali pangozi. Kumene siyezeka, zimene dokotala waona mkati n'zokwanira kusankhira. Calcitriol akhale m'manja mwa namwino mwana asanalowe ku fiyeta.

Mawu anasasa pang'ono n'kubwerera mwakale pofika sabata lachisanu.

Zotsatira za labotale ndi levothyroxine

Labotale inapeza khansa ya papillary m'malo angapo, mbali zonse ziwiri, chotupa chachikulu cha 3.0 cm, ndipo anabele 17 mwa 41 anali ndi khansa. Izi ndi pT3b N1b M1, kutanthauza kuti khansa inalowa m'minofu ya kutsogolo kwa khosi, inagwira anabele a m'mbali mwa khosi, ndipo inafika kutali, m'mapapo. Pa kawerengedwe ka masiteji a khansa ka AJCC, munthu wosakwana zaka 55 amakhala pa siteji I kapena II basi, choncho iye anali pa siteji II ngakhale khansa ili m'mapapo. Kawerengedwe kameneka kamanena za imfa, ndipo ana omwalira ndi khansa imeneyi ndi ochepa kwambiri. Sikanena za kubwereranso kwa matenda. Pa magulu atatu a ana a American Thyroid Association, iye anali m'gulu la chiopsezo chachikulu, limene TSH yake iyenera kukhala pansi pa 0.1 mIU/L kuti isamakulitse khansa yotsala. Makolo anauzidwa zonse ziwiri mosabisa: kuti mwayi wokhala ndi moyo wautali ndi waukulu, ndiponso kuti chipatala sadzasiyana nacho.

Anatuluka akumwa levothyroxine, mapiritsi olowa m'malo mwa homoni ya chithokomiro, 100 mcg pa tsiku. Patapita masabata 6, TSH inali 14. Choyamba kubwera m'maganizo chinali kuwonjezera mlingo kapena kukayikira kuti sakumwa. Titawafunsa mayi ake kuti afotokoze m'mawa wa mwanayo mmene umayendera, zinadziwika. Pofuna kuti asaiwale, ankamupatsa mapiritsi onse nthawi imodzi, levothyroxine ndi kashiamu, n'kumezera phala la soya limene anayamba kumuphikira kuti abwerere m'thupi. Kashiamu amagwira levothyroxine m'matumbo, soya nayenso amalepheretsa kuti alowe bwino m'magazi. Mayiwo sanalakwe kanthu; palibe anawauza. Tinalemba m'buku: levothyroxine akangodzuka, ndi madzi okha, phala lidikire mphindi 30 mpaka 60, kashiamu ayambe masana, patadutsa maola 4. Mlingo sitinausinthe. TSH inatsika kufika 0.4, ndipo titakweza mlingo kufika 125 mcg inafika pansi pa 0.1. Kashiamu ndi calcitriol anachepetsedwa pang'onopang'ono n'kusiyidwa mwezi wachinayi.

Ayodini wa radioactive

Chithandizo chimenechi sichinkapezeka pa chipatala chathu, ndipo kukonza ulendo wa kunja kwa dziko kunatenga miyezi isanu. Nthawi yonseyo TSH inasungidwa pansi. Levothyroxine anasiyidwa pokhapokha tsiku litatsimikizika, chifukwa kumusiyitsa kenako ulendo n'kulephereka ndiko kusiya khansa ikudyetsedwa ndi TSH yokwera popanda phindu. Anasiya masabata atatu kuti TSH ikwere, maselo a khansa amwe bwino ayodini. Kwa masabata awiri anadya zakudya za ayodini wochepa, ndipo apa panali povuta: mchere wa m'mapaketi wa m'masitolo athu ndi wothira ayodini, choncho ndiwo zake zinkaphikidwa pa zokha popanda mchere. Mkaka, mazira ndi nsomba za m'nyanja ya mchere anasiya. Nsima, mpunga, nyemba, masamba ndi zipatso anadya monga mwa masiku onse.

Pa tsiku lake TSH inali 62 mIU/L, kupitirira 30 amene amafunika. Thyroglobulin, puloteni yopangidwa ndi maselo a chithokomiro imene imasonyeza kuchuluka kwa khansa yotsala, inali 210 ng/mL, ndipo ma antibody ake kunalibe. Popanda kuyeza ma antibody amenewa chiwerengero cha thyroglobulin sichingadaliridwe, poti amachitsitsa monama. Anali atatha msinkhu, choncho anayezedwa mimba. Anayezedwanso mphamvu ya mapapo, chifukwa ayodini akamwedwa ndi mapapo onse mobwerezabwereza angawaumitse. Analandira 3.0 GBq, mlingo wa munthu wamkulu wochepetsedwa molingana ndi sikelo yake ya 38 kg. Anauzidwa kumwa madzi ambiri, kukodza pafupipafupi, ndipo anapatsidwa mankhwala ofewetsa m'mimba poti kusowa kwa mahomoni kunamudzimbitsa. Sikani ya tsiku lachisanu ndi chimodzi inaonetsa ayodini pamalo pamene panali chithokomiro ndi m'mapapo onse awiri. Imeneyi inali nkhani yabwino: timadontho tija tinkamwa mankhwala.

Pambuyo pake

Thyroglobulin, akumwa levothyroxine, inali 38 ng/mL patapita miyezi 3, ndipo inatsika kufika 12 pa miyezi 6. CT ya nthawi imeneyo inaonetsabe timadontho, ndipo panabuka maganizo omutumizanso kukalandira ayodini wachiwiri. Sitinatero. Mwa ana mphamvu ya ayodini imapitirira kuoneka kwa chaka kapena kuposerapo, ndipo malangizo amati pasabwerezedwe miyezi 12 isanakwane, ndiponso pasabwerezedwe thyroglobulin ikadali kutsika. Mlingo uliwonse wowonjezera uli ndi mtengo wake pa tiziwalo ta malovu, pa mapapo, pa mafuta a m'mafupa, komanso pa chiopsezo cha khansa ina m'tsogolo. Ana ena a matenda a m'mapapo otere sachiriratu, koma amakhala zaka zambiri matendawo ataima, ndipo kuthamangitsa sikani yoyera ndi milingo yotsatizana kungawononge zambiri kuposa matendawo.

Pa miyezi 12 thyroglobulin inali 5, pa miyezi 18 inali 2.1, pa zaka ziwiri inali 1.4. Magazi onsewa anayezedwa pa labotale imodzi, chifukwa makina osiyana amapereka ziwerengero zosayerekezeka. CT ya chaka chachiwiri inaonetsa timadontho tochepa ndi tating'ono kuposa kale. Ultrasound ya khosi, imene amajambulidwa miyezi 6 iliyonse, inapeza mwanabele wa 7 mm kumanja, wamtali, wokhala ndi mzere wake woyera wa pakati, sanabayidwe, akungoyang'aniridwa.

Kamodzi TSH inakwera kufika 6, levothyroxine atasowa pa chipatala chakwawo kwa masabata atatu. Chiyambire pamenepo amapatsidwa wa miyezi itatu nthawi imodzi, ndipo pa chikuto cha buku lake palembedwa ndi zilembo zazikulu kuti alibe chithokomiro, kuti mankhwalawa ndi a moyo wonse, ndiponso kuti TSH yotsika n'cholinga, wina asachepetse mlingo poiona. Sikelo ikamakwera mlingo umaonedwanso, ndipo ulendo uliwonse amafunsidwa za kuthamanga kwa mtima, tulo ndi msambo.

Pano ali ndi zaka 15, ali fomu 1 pa sukulu yogonera konko. Mapiritsi amasunga yekha, ndipo matroni wa hositelo anapatsidwa kalata yofotokoza nthawi yomwera. Tsiku lodzayezanso thyroglobulin, TSH ndi ultrasound ya khosi laikidwa mkati mwa tchuthi chikubwerachi.